Zokuzira mawu pa ukwati: kubwereka zida zokha kapena kulemba kampani yobwera ndi katswiri wake

Chitsogolereni komiti ya ukwati wa mphwanga ku Lilongwe, anzanga a kumpingo akhala akundifunsa kuti njira yabwino ndi iti pakati pa ziwirizi. Ndinaziyesa zonse m'mwezi umodzi: pa chinkhoswe tinabwereka zida zokha, pa ukwati tinalemba kampani.

Pa mtengo woyamba kumva, kubwereka zida zokha n'kotsika, ndipo masipika ake sanali oipa.

Chimene chinandipweteka ndi ndalama zimene mwini zida sanazitchule pokambirana. Anati jenereta ilipo, koma magetsi atazima madzulo ndi pamene anatiuza kuti mafuta ndi athu, ndipo anyamata anathamanga ndi chigubu alendo atakhala chete mu tenti. Kenaka perekani-perekani anatalika, monga mmene amachitira nthawi zonse achibale a kuchimuna ndi a kuchikazi akayamba kupikisana, ndipo mwini zida uja anayamba kuwerengera ola lililonse loposa nthawi imene ankati tinagwirizana, ngakhale panalibe pepala lililonse losonyeza nthawiyo. Galimoto yobweza zida usiku inalinso pamutu pathu. Pophatikiza zonse, tinatsala pang'ono kufika pa mtengo wa kampani ija imene tinaikana poyamba chifukwa chodula.

Choipa kwambiri chinali kusowa kwa munthu wodziwa mikisa, makina olumikizirapo maikolofoni ndi masipika n'kumakweza kapena kutsitsa mawu. Mnyamata amene tinamuika pamenepo anaika masipika kumbuyo kwa olankhula, choncho maikolofoni inkatola mawu otuluka m'masipikamo n'kuyamba kulira mobaya m'makutu. Ankhoswe a kuchikazi ali pakati popereka malangizo, mabatire a maikolofoni yopanda waya anatha, ndipo panalibe ena osinthira. Akuluakulu aja anamaliza mawu awo mokuwa, a kumbuyo osamva kanthu.

Pa ukwati, katswiri wa kampani anafika ku holo m'mawa alendo asanabwere, anaika masipika kutsogolo kwa olankhula kuyang'ana anthu, nayesa maikolofoni iliyonse ndi wotsogolera mwambo. Pambali pa zopanda waya anasunga maikolofoni ya waya ya mtundu wa Shure SM58, imene sifuna batire, kuti ikhale yodalira zinthu zikavuta. Mafuta, mayendedwe ndi ola lomalizira zonse zinalembedwa m'pangano.

Pa zithunzi, pulojekita imene tinabwereka pa chinkhoswe inkaoneka mwachizimezime mu tenti masana, pamene kanema wa LED wa kampani, wonga TV yaikulu, ankaoneka bwino ngakhale makatani ali otsegula, koma ameneyu amalipiridwa payekha ndipo komiti yochepekedwa ndalama ikhoza kumusiya.

Zida zokha ndingazibwerekenso pa msonkhano waung'ono wa m'chipinda, ngati pali wina wa kwaya wozolowera mikisa. Pa mwambo umene ankhoswe adzalankhule pamaso pa mabanja awiri, ndidzalemba kampani, ndipo ndisanapereke chikole ndidzafunsa kuti mafuta a jenereta agula ndani.