Mizere kapena ulusi pamutu pa mwana?

Amayi anzanga, kuno ku Nsanje mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye za meshi pamutu pa mwana iwalani, thukuta lokhalokha mpaka tizilonda m'khosi. Ine ndimasankha pa ziwiri basi.

Mizere isanu yopita kumbuyo imakhala sabata yathunthu olo azisewera pafumbi, koma imafuna dzanja lozolowera, mukakoka kwambiri mwana amalira ndipo tsitsi la pachipumi limathothoka, zimandimvetsa chisoni ndikaona.

Ulusi ndiye wosavuta, chipeso, Vaseline pang'ono, kugawa timagulu nkumakulunga, mwamaliza nyemba zisanapse. Vuto lake wanga amavutika kugona usiku woyamba, akuti ukumubaya. Komabe ine ndi wa ulusi, tsitsi limawongoka bwinobwino opanda mankhwala.