Za maliro a Ozzy ku Birmingham, ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa

Abale kumudziko, ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za mavidiyo aja anafala mu July 2025, chikhamu cha anthu ovala zakuda chikulira pamsewu kuno ku Birmingham pa maliro a woimba Ozzy Osbourne, ena mpaka kundilembera kuti mwana iwe samala, mzinda ukukhalawo ndi wa anthu opembedza satana. Amayi aang'ono anachita kundiimbira usiku kufunsa ngati ndikumapitabe kutchalitchi. Ndikumapita ndithu musadandaule. Koma nkhaniyi ndiloleni ndiifotokoze bwinobwino chifukwa anthu munawaona akulirawo ine ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndimawasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kuwaphikira tiyi, nde ndimawadziwa mpaka zamumtima.

Bandi ya Ozzy ndi Black Sabbath ndipo inayamba mu 1968 ku Aston. Mukamva kuti Aston musaganize za London ya pa TV ija ayi, ndi dera la anthu ovutika, tinyumba tanjerwa zofiira togundanagundana mzere umodzi, kale mafakitale anazungulira mbali zonse, ndipo pompo ndi pamene pali Villa Park bwalo la Aston Villa. Masiku ano kwadzaza anthu ochokera ku Pakistan, Bangladesh, Somalia, Jamaica ndi ife tomwe, ine ndimadutsako pa basi ndikamapita ku shifiti. Anyamata ake anali anayi, Ozzy Osbourne woimba, Tony Iommi wa gitala, Geezer Butler wa besi, Bill Ward wa ng'oma, onse anakulira m'makwalala omwewo. Ozzy anabadwa mu 1948 m'banja la ana 6, kanyumba ka zipinda ziwiri zogona pa Lodge Road, sukulu anasiya ali ndi zaka 15, anagwirapo ntchito kophera ng'ombe, anakhalakonso kundende ya Winson Green milungu 6 atathyola shopu. Mwana wamba basi, amene aneba sankamuwerengera nkomwe.

Imene imandikhudza kwambiri ndi ya Tony Iommi. Ali ndi zaka 17 ankagwira mufakitale ya zitsulo, ndipo tsiku lomaliza lenileni, mawa lake akufuna asiye ntchito azikaimba, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za kudzanja lamanja. Iye ndi wamanzere, nde dzanja lodukalo ndi limene limakanikiza mawaya a gitala. Wina aliyense akanati basi zatha. Iye anasungunula botolo la pulasitiki n'kupanga tizipewa tovala kuzala, n'kumatapo kachikopa, kenako anayamba kugwiritsa ntchito mawaya opyapyala, pambuyo pake n'kumawamasulako kuti asamapweteke zala, gitala n'kumalira mawu okhuthala olemera ngati kukubwera chimvula. Kulira kumeneko ndi kumene ambiri amati kunabala nyimbo zimene amazitcha heavy metal. Chimbale chawo choyamba chinatuluka pa 13 February 1970, chachiwiri Paranoid chaka chomwecho, kuyambira pamenepo dziko linawadziwa.

Nkhani zonsezi anandiuza ndi madala ena amene ndimawasamalira, a zaka za m'ma 70, akazi awo anamwalira, iwo anadwala sitiroko moti mbali imodzi sigwira bwino. Anagwira ntchito moyo wawo wonse kufakitale ya magalimoto ku Longbridge mpaka pamene kampani inagwa mu 2005 anthu pafupifupi 6,000 ntchito n'kuwathera. M'nyumba mwawo mulibe zambiri, koma pabalaza pali kabati yodzaza zimbale zakudazakuda zija za makedzana, makatoni ake anachita kutha m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa, ndipo palibe amaloledwa kupukuta fumbi pamenepo iwo asakuyang'ana. M'mawa ndikawasambitsa, amwa mankhwala, adya phala la oti, amaloza kabatiyo ndi chibwano. Poyamba ndinkaopa kugwira singano ya galamafoni koma anandiphunzitsa kuitsitsa pang'onopang'ono. Nyimbo ikangoyamba munthu uja amasintha, mawu amene amavuta kutuluka akamapempha madzi amatuluka bwinobwino akamatsatira nyimbo, zala za dzanja labwino lija zikugogoda pa mkono wa mpando, phazi likupondaponda kapeti. Ine zimenezi ndimaziona pafupi, nditagwada ndikuwaveka masokosi, ndipo palibe angandiuze kuti ndi zamasewera.

Amati anawaonera koyamba ali kamnyamata mu pabu ina mtauni, anthu ochepa chabe, utsi wa fodya tho, ndipo chimene chinawagwira mtima n'chakuti phokosolo linali lofanana ndi la kuntchito kwawo, zitsulo kumenyana, makina kugunda, koma tsopano lasanduka nyimbo ndipo oimbawo amalankhula ngati iwo, kalankhulidwe ka ku Birmingham kamene anthu a ku London amakaseka mpaka lero. Nthawi imeneyo nyimbo zambiri zinali za maluwa ndi chikondi, pamene iwo akudzuka 5 koloko kukada kupita kufakitale kukuzizira, nde anyamata a ku Aston atabwera n'kumaimba za nkhondo, za mantha, za akuluakulu otumiza ana a eni kukafa, za mutu kusokonekera, iwo anati eya awa ndiye akunena za ife. Akazi awo anakumana nawo kokaonera bandi yomweyi. Pamaliro a mayiwo anaika nyimbo ina yodekha ya bandi yomweyinso. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka za m'ma 40 ndipo anadinda zilembo O Z Z Y pa zala monga anachitira mwini dzina, kamdzukulu kakakazi kali ku sekondale kakuphunzira gitala. Mibadwo itatu nyumba imodzi, timu ndi Villa, bandi ndi Sabbath, palibe zokambirana.

Tsopano za usatana zija. Sindibisa, dzina la bandiyo analitenga ku filimu yoopsa ya mu 1963, zithunzi zawo zina ndi zoopsadi, ndipo pali nyimbo zina zimene ine mtima wanga suzilandira, madala akafuna imeneyo ndimaika n'kupita kukhitchini kukatsuka mbale. Ozzy naye moyo wake sunali wachitsanzo, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zinamuwononga mpaka anzake anamuchotsa m'bandi mu 1979, ndipo nkhani ija ya mleme ndi yoona, mu 1982 ku Des Moines ku America wina anaponya mleme pasiteji iye n'kuuluma mutu, mwini wake ankati ankayesa chidole cha labala, ndipo anakabayidwa majakisoni a chiwewe. Anthu akuno sakana zimenezi, amazidziwa kuposa ife. Koma Geezer Butler amene ankalemba mawu a nyimbo zambiri anakulira m'banja la Chikatolika, anayi onsewo ankavala mitanda pakhosi, ndipo amene ndimawadziwa ine okonda bandiyi ndi agogo oyenda ndi ndodo, madalaivala a basi, anesi, amakanika. Amamukonda Ozzy ndi zofooka zake zomwe, ngati mwana wa pamudzi amene anasochera n'kubwerera, amene ngakhale anakakhala zaka ku Los Angeles lilime la ku Aston silinamuchoke.

Mu 2020 analengeza kuti ali ndi matenda a Parkinson's, aja onjenjemeretsa thupi. Komabe mu 2022 pa Commonwealth Games, pamene ma Queens athu anabwera kudzasewera netiboli konkuno, tsiku lotseka anatulukira pa Alexander Stadium iye ndi Iommi, anthu anachita misala. Ching'ombe chachitsulo chimene chinaonetsedwa pa masewerawo anachiika mu siteshoni ya New Street ndipo anthu atavota anachitcha Ozzy.

Nde kunabwera pa 5 July 2025, Loweruka, konsati yotsanzika pa Villa Park, anaitcha Back to the Beginning. Matikiti anatha m'mphindi zochepa, anthu oposa 40,000 analowa, ndipo sabata imeneyo mtauni munali zilankhulo zonse, ena achokera ku Brazil ena ku Japan ena ku Germany, imvi mbuu koma tsitsi lalitali, majekete ajinzi osokereredwa zigamba za mabandi. Metallica, Guns N' Roses, Slayer, mabandi odzaza masitediyamu paokha, anabwera kudzaimba timphindi tochepa aliyense ngati ana odzapereka ulemu kwa makolo. Ine ndinali pa shifiti yamadzulo kwa madala aja, mwana wawo analipira kuti aonere pa intaneti n'kulumikiza ku TV. Usiku Ozzy anatulukira kuchokera pansi pa siteji atakhala pa chimpando chakuda chifukwa kuima sankathanso, mawu akunjenjemera pena ndi pena koma akuimba ndi mtima wonse, kenako anayi aja anakumana pasiteji koyamba patatha zaka 20, anaimba nyimbo zinayi basi, Bill Ward wa zaka 77 atavula shati akumenya ng'oma. Madala anapempha kuti tiwaimiritse. Ine mbali iyi mwana wawo mbali iyo tinawagwira m'khwapa mpaka nyimbo yomaliza inatha, misozi ikutsikira m'kolala, thupi lawo lonse ndikulimva likunjenjemera paphewa langa. Ndalama za konsatiyo zinapita ku Cure Parkinson's, ku Birmingham Children's Hospital ndi ku Acorns kumene amasamalira ana odwala matenda osachiritsika.

Patangotha masiku 17, pa 22 July, Ozzy anamwalira ali ndi zaka 76.

Kuti mumvetse chimene chinandidabwitsa muyenera kudziwa maliro akuno. Kuno munthu akafa kulibe kugona pasiwa, kulibe makwaya usiku wonse, aneba ena samva n'komwe, pamapita milungu kenako anthu ochepa amakumana kotenthera mitembo, mphindi 30 zatha, masangweji, aliyense kwawo. Ndaperekezapo makasitomala anga angapo motero ndipo zimandiwawa nthawi zonse. Nde pa 30 July, Lachitatu, nditafika pa Broad Street ndi madala pa wilitcheya mwana wawo akukankha, ndinaona chinthu chimene sindinachionepo mwa azungu. Anthu anayamba kufika m'bandakucha. Pa mlatho wa pa ngalande umene mu 2019 anautcha Black Sabbath Bridge pali benchi ya nkhope za anayi aja, koma tsikulo benchi sinkaoneka, inakwiririka ndi maluwa, masikafu a Villa, zitini za mowa zosatsegula, timileme tazidole, makalata olemba pamanja ena inki itasungunuka ndi mvula. Galimoto ya maliro inayamba yadutsa kwawo ku Lodge Road kenako inatsika Broad Street pang'onopang'ono, kutsogolo bandi ya malipenga ikuliza nyimbo zake, anthu akukuwa Ozzy Ozzy Ozzy, azibambo akuluakulu a ndevu akulira osabisa nkhope. Sharon mkazi wake anatsika ndi ana ake, akuchita kumugwirizira, n'kuika maluwa pabenchipo. Mzindawu ukuvutika, khonsolo inalengeza mu 2023 kuti ndalama zaithera, otola zinyalala anali pa sitalaka miyezi, ndipo ndalama zoyendetsera mwambowo linalipira ndi banja lofedwa. Amene munapitako ku Chileka mu November kokakumbukira Evison Matafale, kuona anthu amene anali ana mu 2001 akuimba mawu onse osaphonya, mukudziwa mtundu wa chikondi chimene ndikunenachi.

Mnzanga wa kuntchito wa ku Zambia, kwawo ku Kitwe, anandiuza kuti bambo ake ali mnyamata ku migodi ankamvera nyimbo zomwezi, ndipo ndi zoona m'ma 1970 ku Zambia kunali Zamrock, a WITCH, a Amanaz, Paul Ngozi ndi Ngozi Family amene ankaimbanso m'Chinyanja magitala akulira mokhuthala chomwecho. Nditawaikira madala nyimbo ya Ngozi pafoni anamvetsera maso ali tsinzi mpaka kumapeto n'kufunsa ngati chimbale chake chingapezeke, panopa mwana wawo akusakasaka.

Mukadzabwera kuno ndidzakutengani, sipatali, mukangotuluka mu New Street pa Station Street pali pabu yakale yotsekedwa dzina lake The Crown pamene anayambira kuimba, boma linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa mu 2024 ndipo anthu akumenyera kuti itsegulidwenso. Chonde vidiyo ija musamaitumize m'magulupu a mpingo ndi mawu oti taonani a satana akulira mfumu yawo, muli agogo anga a kuntchito mmenemo. Atamwalira Ozzy anthu anayambitsanso pempho pa intaneti loti bwalo la ndege la Birmingham lipatsidwe dzina lake, madala sangathe kulemba pafoni nde ndinawalembera dzina lawo, atandifunsa ngati nanenso ndisaine ndinasaina.