Business class ya amayi: ndalama zankhaninkhani, mpando wokana kugona

Kampani ya ndege imene tinakwerayi ndikuyipatsa nyenyezi ziwiri, ndipo imodziyo ndi ya mtsikana amene anatithandiza mundege.

Amayi anachitidwa opaleshoni ya msana chaka chatha ndiye popita ku London kukaona chidzukulu tinasonkherana pachibale kuti akwere business class azikagona bwinobwino, ine ndinakhala ku economy. Mtengo wake mukuudziwa kale, amawerengera mu dola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 tikiti imeneyi ndi ndalama yoti munthu ungagule ka Vitz. Kuchokera ku bwalo la ndege la KIA ku Lilongwe kulibe ndege yopita ku Ulaya osaima panjira, makampani oti usankhepo ndi ongowerengeka, ndiye amadziwa kuti ulibe kothawira. Mlamu wanga wa ku Joni analipira zochepa kuposa ife chonsecho ulendo wake ndi wautali kuposa wathu, chifukwa kumeneko makampani amachita kulimbirana makasitomala.

Titasintha ndege usiku ndi pomwe zinavuta. Amayi kudina batani kuti mpando ugone, mpando osasuntha, kudinanso, kungolira kuti tsii basi. Anandiitanitsa, ndinawapeza atagwira m'chiuno akutuluka thukuta koma osadandaula, mukudziwa amayi athu safuna kuvutitsa anthu. Mkulu wa ogwira ntchito anangoti ndege yadzaza palibe chomwe angachite, kenako nkubweretsa champagne ati yopepesera, kwa mayi wa Mvano amene sanalawepo mowa chibadwire! Zinandiwawa kwambiri, tinalipira kuti agone osati amwe. Usiku onse anakhala tsonga mpaka London.

Koma chilungamo ndinene, chakudya chinali chabwino ndipo mtsikana uja Mulungu amudalitse. Anabweretsa mapilo atatu, nkuthira madzi otentha mubotolo, kulikulunga ndi thaulo nkuwayika kumsana atagwada ngati mwana wawo. Amabwera pafupipafupi kudzawayendetsa pang'ono mukanjira. Amayi mpaka lero amamutchula m'mapemphero.

Titabwerako ndinalemba imelo katatu kupempha kuti atibwezereko ndalama. Patatha mwezi ndi theka anayankha kuti atipatsa ma miles, mapointi m'malo mwa ndalama, oti tikagwiritsenso ntchito pa ndege zawo zomwezo. Ndawalandira, nanga nditani, amayi akufuna kupitanso mu Disembala ndipo masiku amene tikufunawo ndege ilipo ndi yawo yomweyo.