Pressure cooker yamagetsi ya malita 6: zimene imatha ndi zimene siitha m'khitchini ya anthu awiri

Banja limene bambo ndi mayi onse amagwira ntchito, n'kumafika kunyumba ku Area 25 kapena ku Chilomoni kutada kale atalimbana ndi maminibasi, nyemba limazidya Loweruka lokha. Nyemba zouma pambaula zimafuna maola awiri kapena atatu, makala owonjezera, ndi munthu woti azithirira madzi. Pa ndiwo zotere, komanso mang'ina ndi nkhuku yachikuda, pressure cooker yamagetsi imagwiradi ntchito ndipo ndi yoyenera kugula. Pa nsima ndi ndiwo zamasamba siithandiza kwenikweni, choncho hotplate kapena mbaula yanu musaitaye.

Imene tikunena pano ndi ya malita 6, ya mawati pafupifupi 1000. M'katoni mumapeza thupi lake lokhala ndi mbale yotentha pansi, poto wamkati wochotseka, chivundikiro chotseka mochita kupotokola, labala wozungulira mkati mwa chivundikirocho, vavu yotulutsira nthunzi, kachitsulo kamene kamatumphuka nthunzi ikadzaza, ndi kakapu kolandira madontho kumbuyo.

Kufulumira kwake kuli ndi chifukwa. Lilongwe ndi Blantyre ndi mizinda yokwera mamita opitirira 1000 kuchokera panyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi madzi amawira asanafike madigiri 100, cha pa 96 kapena 97. M'poto wamba, ngakhale musonkheze moto chotani, madzi satentha kupitirira pamenepo, amangouma. Mu pressure cooker nthunzi imatsekeredwa, madzi n'kutentha kupitirira madigiri 110, ndiye chouma chilichonse chimafewa msanga.

Tiyambe ndi nyemba, poti ndi zimene ambiri amagulira. Sankhani makapu awiri a kholophethe kapena napilira, mutsuke, muthire madzi makapu 6, mchere, ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira. Mafutawo amachepetsa thovu limene limatseka vavu. Tsekani, muike vavu pamene palembedwa Sealing, n'kutchera mphindi 40 mpaka 45. Ngati munazinyika m'madzi m'mawa popita kuntchito, mphindi 15 mpaka 20 zikwana. Nyemba zogonera za chaka chatha zimalimba, ziwonjezereni mphindi 10 kapena 15. Soda safunika.

Apa ndi pamene ogulitsa ambiri safotokoza bwino. Pa pressure cooker yotchera ndi mabatani, mphindi zimene mwatcherazo siziyamba kuwerengedwa mukangoyatsa. Pamapita kaye mphindi 10 mpaka 15 kuti madzi awire, nthunzi idzaze, kachitsulo kaja katumphuke. Nthawi ikatha, nyemba zimafunanso mphindi ngati 15 kuti nthunzi itsike yokha. Mukaitulutsa mothamanga, msuzi umalavukira kuvavu ndipo nyemba zimang'ambika makoko. Ndiye nyemba zosanyika muziwerengere ola limodzi ndi mphindi 15. Phindu lake n'lakuti nthawi yonseyo palibe woyang'anira: wina akusamba, wina akusita zovala za mawa.

Tomato musaike poyamba. Kuwawasa kwake kumachedwetsa nyemba kufewa, komanso akakhala wambiri amakhazikika pansi n'kupserera. Nyemba zikapsa, zikhuthulireni m'mbale, mukazinge anyezi ndi tomato m'poto momwemo osavundikira, mubwezeremo nyemba ziwire mphindi zisanu. Makapu awiri aja amakwana anthu awiri kudya katatu kapena kanayi, choncho zotsala zigaweni m'timakontena n'kuika mufiriji.

Za magetsi, yuniti imodzi ya ESCOM ndi mawati 1000 kwa ola lathunthu. Pressure cooker imakoka mawati onsewo pa mphindi zoyambirira zokha. Nthunzi ikadzaza imazima yokha, n'kumangoyaka pang'onopang'ono kuti kutentha kusatsike. Nyemba zija zimadya cha m'ma theka la yuniti, pamene hotplate ya mawati 1500 yoyaka maola awiri kapena atatu imatha mayuniti awiri kapena kupitirira. Amene mumagawana mita ndi anzanu apalendi, afotokozereni masamu amenewa chipangizochi chisanalowe m'nyumba, chifukwa anthu akangoona chinthu chachikulu chamagetsi amayamba kudandaula za mayuniti.

Nyama nayo imayenda bwino. Nkhuku yachikuda yoduladula imafuna mphindi 25 mpaka 30, ya mbuzi chimodzimodzi, mang'ina ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Nkhuku yoyera isapitirire mphindi 10, apo ayi mupeza mnofu wachoka kumafupa. Cholakwika chofala ndi kuthira madzi ngati m'poto wamba. Muno madzi sauma, ndipo nyama imatulutsanso ake. Kilo imodzi ya nyama imangofuna kapu imodzi ndi theka. Msuzi ukatuluka wamadzimadzi, uwiritseni chosavundikira mphindi 5 mpaka 10 ugwirane. Yambani mwakazinga nyamayo m'poto momwemo mpaka ifiirire, kenako muthire madzi n'kupala zomata pansi ndi mthiko musanatseke. Mukapanda kupala, zomatazo zimapserera, ndipo zina zamabatani zimazima n'kulemba uthenga wochenjeza nthunzi isanadzaze n'komwe.

Mpunga wa Kilombero: tsukani, kapu imodzi ya mpunga pa kapu imodzi ndi pang'ono ya madzi, mphindi 4 kapena 5, kenako muusiye mphindi 10 osatsegula. Mbatata ndi chinangwa cha m'mawa zimapsa pa mphindi 8 mpaka 10.

Nsima ndiye ayi. Imatheka kuphika chosavundikira, koma poto wamkati alibe chogwirira, amazungulira mukamavundula, ndipo m'mphepete mwake mumaotcha. Moto wakenso umazimazima, phala n'kumachedwa kuwira. Nsima ya anthu awiri pahotplate kapena pagasi imapsa msanga kuposa apa. Nkhwani, mpiru ndi bonongwe zimapsa kale mwachangu, muno zimangosanduka phala. Chambo chimaphwasuka. Therere ndi phala musazitsekere m'menemu, chifukwa zimafufuma n'kumata vavu, ndipo vavu yotsekeka ndi ngozi.

Ikakana kudzaza nthunzi, musathamangire kunena kuti yafa. Nthawi zambiri vavu yasiyidwa pamene palembedwa Venting, potulutsira nthunzi, ndipo mumva ikufwenthera mosalekeza. Ngati nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chivundikiro, labala sanakhale bwino pamalo pake, kapena pali khoko la nyemba. Muchotseni, mumutsuke, mumubwezere mozungulira ponse mokanikiza ndi chala. Kachitsulo kotumphuka kajanso kamamatidwa ndi mafuta, muzikatsuka nthawi ndi nthawi. Kudzaza kwambiri ndi vuto lina: nyemba, nzama, khobwe ndi mpunga zisapitirire theka la poto, zina zonse zisapitirire mzere wolembedwa mkatimo. Poto wamkati muzimupukuta kunsi musanamuike pambale yotentha, ndipo musamutsuke ndi sitiluwulu kapena kutakasa ndi supuni yachitsulo, utoto wosamatitsa uja ungasupuke.

Kachitsulo kaja kakadali m'mwamba, chivundikiro chimakhala chokhoma. Musachikakamize, ndipo musakanikizire kachitsuloko pansi ndi foloko kuti mutsegule msanga, anthu amapsa nazo zimenezi. Potulutsa nthunzi, kankhani vavu ndi mthiko nkhope ili kutali, ana asakhale pafupi, ndipo pressure cooker musaiike pansi pa kabati wa matabwa oumba chifukwa nthunzi imamufufumitsa.

Magetsi akazima nthunzi itadzaza kale, musatsegule. Thupi lake limasunga kutentha, chakudya chimapitiriza kupsa kwa kanthawi, moti ngati panatsala mphindi zochepa mupeza ndiwo zapsa. Akazima kumayambiriro, palibe kuchitira mwina koma kukhuthulira m'poto wina n'kupita pambaula. Pa nkhani imeneyi, pressure cooker yotchera mphindi ndi chopotokola ndi yabwino kuposa ya mabatani. Magetsi akabwera imayambanso kutentha ngati nthawi idakalipo, pamene zamabatani zambiri zimaiwala zimene munatchera. Ya chopotokola ilibenso zamagetsi zambiri mkati zoti n'kupsa magetsi akabwera mwamphamvu. Ya mabatani ubwino wake ndi wakuti mphindi mumatchera ndendende. Kasola kakang'ono koyatsira mababu ndi TV sikangaiyendetse, imafuna inverter yoposa mawati 1000.

Mushopu, yang'anani pulagi. Zochokera ku South Africa zimabwera ndi ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu amakona, okhala ndi fyuzi ya 13A. Tiadaputa totchipa timatentha n'kusungunuka, choncho ndi bwino wodziwa zamagetsi akuikireni pulagi yoyenera, koma funsani kaye ngati kusinthako sikuthetsa waranti. Muziilumikiza kusoketi yapakhoma, osati paekisitenshoni imene palinso ketulo ndi firiji. Ya malita 6 ndi yokwanira anthu awiri ngakhale kutabwera alendo ochepa. Ya malita 8 imachedwa kudzaza nthunzi mukamaphika zochepa.

Musalipire musanafunse za labala. Ndiye amayamba kutha, pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri amatamuka kapena kuuma, ndipo wa kampani ina sakwana pa ina ngakhale malita ali ofanana. Ngati shopuyo ili ndi wapadera, gulani tsiku lomwelo. Ngati sakudziwa n'komwe kumene angapezeke, kagulireni kwina.