Pafa kapena chikhotho cha ubweya, nanga za masaizi zija?

Kukangoyamba kuzizira mashopu ngati Zara, H&M, Primark ndi Uniqlo amadzaza ndi zinthu ziwiri zomwezomwezo, majekete ofufuma aja timati pafa ndi zikhotho zazitali za ubweya, nde iwe ndalama uli nayo ya chimodzi basi wangoima pakati kumangogwira ichi kugwira icho. Ine zonse ndavalapo ndipo ndineneretu kuti mtima wanga uli ku pafa, koma chikhotho sindichiponderezanso ayi.

Pa pafa chimene chimafunditsa si nsalu yakunjayo, ndi mpweya umene umatsekeredwa mkatimo, nde nkhani yonse ili pa zimene aikamo. Ena amaika tinthenga tofewa tapachifuwa pa bakha kapena tsekwe, pa kalebulo amalemba kuti down, ena ndi polyester basi. Ya nthenga ndi yopepuka zedi, ija ya Uniqlo amati Ultra Light Down imapindika mpaka kulowa mkathumba kake kakang'ono uponye mchikwama. Ukaona alemba 90/10 ndiye kuti magawo 90 ndi tofewa tija, 10 ndi nthenga wamba zokhala ndi kamtengo zomwe zimakonda kuboola nsalu nkumatuluka. Palinso nambala ina ya fill power, kaya 600 kaya 750, ikamakwera ndiye kuti nthengazo zimafufuma kwambiri chonsecho kulemera nkomweko. Mdani wake ndi mvula. Nthenga zikanyowa zimamatana nkukhala zibuluma, kufunda konse kwathera pompo, ndipo kuti ziume bwino mpaka uziike mmakina oumitsira pamodzi ndi timipira ta tenesi toti tizizimenya. Ya polyester ndi yolemererapo komanso ikakhalitsa imaphwa, koma ikanyowa imafunditsabe, imauma msanga, kuchapa kwake kosavuta. Ngati kwanu kumakonda kuwaza mvula tsiku ndi tsiku ine ndingati tengani ya polyester osachita nayo manyazi.

Chikhotho tsono, pa kutchena palibe mpikisano. Uvale pamwamba pa diresi, pa jinzi, ngakhale pa zovala zogonera utathamangira panja, anthu amangoona ngati munthu wadongosolo. Ubweya wa nkhosa weniweni umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanamveke kunyowa, nde kamvula kowaza sikakusowetsa mtendere. Koma azimayi anzanga apa mpamene timapusitsidwa. Mawu oti wool blend pa kapepala kolendewera kaja sakuuza kuti ubweyawo ndi wochuluka bwanji, uyenera kupisa dzanja mkati cha mmbali pa msoko nkuwerenga kalebulo koyera kaja, ukapeza kuti wambiri ndi polyester ndi acrylic ubweya angowazamo, dziwa kuti wagula maonekedwe osati kufunda. Ine chinandichitikira, shopu yake sinditchula, chikhotho chokongola cha mtundu wa ngamila koma mwezi usanathe kunkhwapa ndi pamene chikwama chimakhula panadzaza timipira ta ulusi, kuzizira kumachita kulowa ngati ndavala nsalu ya katani. Onjezanipo kuti zambiri ndi za dry clean, nde mtengo wake sumathera pa tsiku logula.

Pali kanjira kapakati, kuvala chikhotho koma mkati nkuyamba ndi tizovala topyapyala togwira thupi ngati Heattech imene Uniqlo anayamba kugulitsa mu 2003 atapanga ndi kampani ya Toray. Zimathandiza ndithu, kungoti ukalowa mmalo motentha thukuta lake eee.

Tsopano nkhani imene imandipweteka. Ndamvapo kambirimbiri, aaa ine pafa ayi imandinenepetsa. Asisi, pafa imanenepetsa aliyense, ntchito yake ndi kufufuma, ngakhale atsikana oonda aja a pa zithunzi amaoneka ngati pilo akaivala. Koma ndi yomweyonso imene simakuweruza mchipinda choyesera, ukawonjezera thupi pang'ono zipi imatsekabe. Chikhotho chilibe chisoni, nsalu yake sitamuka, mapewa akathina athina, ukakhala ndi chifuwa chachikulu kapena mbina mabatani amachita kukokana nde umatuluka mchipindamo ukudziona ngati walakwa ndiwe.

Chonsecho nambala ya saiziyo ndi yosadalirika. Pa matchati ambiri 12 ya ku UK ndi 40 ya ku Europe komanso 8 ya ku America, thupi limodzi manambala atatu, ndipo kampani iliyonse imadula ndi miyezo yakeyake moti 12 wa shopu iyi ndi 14 wa shopu inayo. H&M mu 2018 anachita kusintha masaizi a zovala za azimayi ku UK makasitomala atadandaula kuti zimachepa, ndiye kuti matupi aja analibe mlandu eti. Ine masiku ano ndimadziyeza ndi tepi chifuwa, chiuno ndi mahipi nkusunga manambalawo mufoni, pogula ndimafananiza ndi tchati cha shopuyo, kalebulo kalembe 16 kalembe XL zake zimenezo.

Poyesa valani juzi yonenepa imene mudzavaledi kukazizira, osati kabulauzi. Tsekani mpaka mkhosi, kwezani manja, dzikumbatireni, khalaninso pansi. Chikhotho gulani chokwana mapewa ndi chifuwa, zina zonse telala amakonza, manja amafupikitsa, mabatani amasuntha. Pafa yokha telala amaikana kawirikawiri poti ukangodula nthenga zili mbwee nyumba yonse, nde imeneyo manja ake akhale okwana pompo pogula. Ndipo isathine, ukaifinya mpweya uja usowa pokhala nde yasiya kufunditsa.

Amene mumayenda pansi kwambiri kapena kudikirira basi mmawa, pafa yofika mmaondo yokhala ndi chipewa chake. Amene mumangotsika mgalimoto nkulowa muofesi, chikhotho, bola ubweya upitirire theka. Changa chamtundu wa ngamila chija ndinachimeta timipira take ndi lezala, pano ndimachivala pojambulitsa basi.