Madeya kapena masangwi, kupopera kapena khola la m'mwamba: mbuzi zochepa m'chilimwe

Kuno ku Lilongwe, kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, msipu umakhala utauma kapena kupsa ndi lupsa. Mbuzi zimangotola mapesi m'minda, ndipo mapesi amadzaza mimba koma sanenepetsa.

Ambiri amathamangira madeya chifukwa amapezeka pachigayo chilichonse. Madeya amapatsa mphamvu, koma mbuzi yaikulu isapitirire magalamu 300 patsiku, ndipo muziyamba pang'onopang'ono. Ikawadya ochuluka nthawi imodzi imatupa mimba, kutsekula, mwinanso kufa. Achuku tayani. Komanso mtengo wake umakwera chimanga chikamasowa, nthawi yomwe mukuwafunitsitsa.

Masangwi a mtedza ndiwo tingawaike patsogolo, makamaka kumadera olima mtedza ngati Mitundu ndi Nsundwe. Ali ndi zomanga thupi zimene madeya ndi mapesi zikuperewera. Vuto ndi kasungidwe: akasiyidwa m'munda padzuwa, masamba amayoyoka n'kutsala mitengo yokhayokha, pomwe chakudya chili m'masambamo. Aunjikeni pathandala pamthunzi mukangokolola, ndipo podyetsa apachikeni, chifukwa mbuzi sidya chimene yaponda. Lukina ndi wabwinonso, koma asapose gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Akachuluka mbuzi imathothoka ubweya. Amene ali ndi mtengo wa msangu pafupi azitola zipatso zake. Mchere pang'ono ndi madzi tsiku lililonse zisasowe.

Pa tizilombo, funsani kaye kuti mdani wanu ndani. Ngati ndi nkhupakupa, zomwe zimabisala pakati pa ziboda, m'makutu ndi kunsi kwa mchira, kupopera mankhwala a amitraz kumagwira. Amitraz wa mphamvu ya 12.5% kawirikawiri amasakaniza mamililita 2 pa lita imodzi ya madzi, komabe werengani pabotolo. Kuchepetsa mlingo pofuna kupulumutsa ndalama kumangozoloweretsa nkhupakupazo. Mankhwala othira pamsana ndi okwera mtengo, koma safuna sipuleya kapena madzi, zomwe n'zothandiza pa mbuzi zochepa. Jakisoni wa ivermectin ndi wa mphere ndi njoka za m'mimba. Mlingo umatsata kulemera kwa mbuzi, choncho itanani alangizi a ziweto.

Utitiri ndi nkhani ina. Umaswana m'fumbi ndi m'ndowe za m'khola, ndiye ngakhale mupopere mbuzi kangati, usiku umabwereranso. Tiana ta mbuzi ndito timavutika kwambiri: timatha magazi, m'zikope mukhala moyera. Apa khola la m'mwamba limaposa botolo lililonse. Likwere pafupifupi mita imodzi, mipata ya pansi ikhale ya sentimita imodzi ndi theka kuti ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usakodwe. Pansi pake muzisesa sabata iliyonse, ndowezo zipite kudzenje la manyowa kutali ndi khola, ntchentche zisapeze poikira mazira.