Atorvastatin 20mg patatha miyezi khumi

Mnzanga wa ku Lizulu wandifunsa ngati mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi ndi oyeneradi kutayirapo ndalama mwezi ndi mwezi, poti pa WhatsApp akuti ndi bizinesi chabe ya makampani. Ndiye ndati ndilembe za atorvastatin, mmodzi mwa mankhwalawa, amene ndimamwa.

Pa ntchito yake sindidandaula. Piritsi limodzi patsiku, nthawi iliyonse, kaya mwadya kaya simunadye. Limachepetsa kolesterolo (mafuta a m'magazi aja) amene chiwindi chimapanga, ndipo pa mlingo wa 20mg LDL, yomwe ndi kolesterolo woipa, imatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Mukayezetse magazi pakatha miyezi itatu, chifukwa m'thupi simumva kusintha kulikonse.

Otsutsawo ali ndi mfundo pang'ono. Kafukufuku wa 2010 wophatikiza mayesero 26 anapeza kuti LDL ikatsika ndi 1 mmol/L (muyeso wake m'magazi), chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko chimatsika ndi pafupifupi 22 peresenti. Kwa munthu amene anadwalapo sitiroko, kapena wa shuga ndi BP, limeneli ndi phindu lalikulu. Kwa mnyamata wopanda vuto lina, amene tchimo lake ndi tchipisi cha kachewere wa kuno ku Dedza basi, phindu lake ndi lochepa ndithu.

Chandiwawa ndi famase. Mwezi wachisanu ndi chimodzi atorvastatin anatha, wogulitsa nkutulutsa mankhwala ena otsitsa mafuta, simvastatin 40mg, akvekere "ndi yomweyomweyo, bwana." Sanafunse za mankhwala ena. Pasanathe milungu itatu ntchafu ndi akatumba mbali zonse ziwiri zinayamba kuphwanya ngati walima tsiku lonse. Chifukwa chake ndi amlodipine, mankhwala a BP amene ndimamwanso: amachedwetsa chiwindi kuchotsa simvastatin, mankhwala nkuchuluka m'magazi, minofu nkumapweteka. Ndiye chifukwa chake womwa amlodipine sayenera kupyola simvastatin 20mg. Simvastatin sagwirizananso ndi mankhwala opha mabakiteriya a erythromycin ndi clarithromycin, kapena ma ARV okhala ndi ritonavir, ndipo simvastatin amamwedwa madzulo. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, siyani mankhwalawo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Sikuti kuphwanya kulikonse nkwa piritsi ayi. Pa kafukufuku wa SAMSON ku London mu 2020, pafupifupi 90 peresenti ya zowawa zimene anthu ankadandaula akamamwa mankhwala otsitsa mafutawa zinabweranso atamwa mapiritsi opanda mankhwala. Koma apa dokotala atabwezeretsa atorvastatin, ululu unatha.

Masiku amenewo mukanandifunsa ndikanati musagule. Lero ndikuti gulani ngati dokotala waona kuti chiopsezo chanu nchachikulu, koma werengerani zonse: mapiritsi, kuyezetsa magazi, thiransipoti. Mtengo wakwera kawiri m'miyezi khumi yomweyi, ndipo wogulitsa uja anakana kubweza ndalama ya mapaketi awiri osatsegula, akuti mankhwala akatuluka pakhomo sabwerera. Panopa ndimagula a miyezi itatu nthawi imodzi ku famase ina, ndipo ndimawerenga dzina ndi mlingo pa paketi ndisanapereke ndalama.